Khadi la golide, akhwangwala ndi nyanja yothawa ku Mombasa

Lachitatu m'mawa, m'sitima, tangodutsa Emali

Ndikulemba foni ili pabondo, netiweki ikungobwera n'kuthawa, ndiye zikakupezani usiku musadabwe. Ulendo uno unayamba ndi imelo. Kampani ya mahotela imene kuntchito amakonda kutigonekako tikapita ku misonkhano inandilembera kuti mapointi anga apsa ndikapanda kuwagwiritsa ntchito, ine n'kuti nditaiwala zoti ndili ndi mapointi. Ndinalembetsa kalekale chifukwa mtsikana wina pa risepishoni anandiuza kuti WiFi ya mamembala imathamanga, basi, chifukwa chake chinali chomwecho. Zaka zinayi zogona m'zipinda zofanana, kumvera anthu akuwerenga ma slide, kumwa tiyi wa 10 koloko, pamapeto pake apu ikuti ndine wa golide. Golide ine abale! Nditawerengera ndinapeza kuti mapointiwo akukwana kugona katatu ku hotela yawo ya m'mbali mwa nyanja ku Mombasa, usiku wachinayi ndilipira ndekha. Msonkhano wa ku Nairobi unatha dzulo, ndiye ndamutenga mng'ono wanga amene akuphunzira konkuno, chaka chachiwiri chino ali mu Kenya koma nyanja ya mchere amangoionera pa TikTok.

Pa siteshoni ya Syokimau tinafika 7 isanakwane chifukwa amati uzifika ola lathunthu sitima isananyamuke, ndipo sanama, zikwama kuziika pansi pamzere ife n'kubwerera m'mbuyo agalu azinunkhize, kenako makina, kenako chiphaso, kenako makinanso. Tikiti ya ekonome ndi mashilingi 1,500 munthu mmodzi, ya first class 4,500, walipira ndi mng'ono wanga pa M-Pesa ine ndamubwezera. Titangokhala pansi wandifunsa, "Asisi, golide wanu uja sagwira ntchito pa sitima?" Wayamba kale. Ndikudziwa kuti masiku onsewa ndikhala ndikumva zimenezi.

Sitimayi ndi ija amaitcha Madaraka Express, inayamba kuyenda mu 2017. Ya 8 koloko ino imaima m'masiteshoni a m'njira, Athi River, Emali, Kibwezi, Mtito Andei, Voi, kukafika cha m'ma 2 masana. Mipando ndi yoyang'anizana, maondo kugundana ndi munthu wosamudziwa kwa maola 6. Amene tayang'anizana nawo ndi mayi wa ku Mombasa konko, atamva kuti sitinadye atulutsa mahamri m'kachikwama, tamakona atatu totupa, m'kati mulibe kanthu koma fungo la kokonati lokhalokha. Ndati ndilipire akana mpaka nkhope kusintha, ndachita manyazi.

Ndawonjezera izi 12 itadutsa. Tili mu Tsavo, ngolo yonse yathamangira mbali imodzi. Njovu zisanu, zofiira, ati zimadzithira dothi la kuno. Chithunzi chimene ndajambula chatuluka mutu wa bambo wina ndi tchire.

Lachitatu usiku, chipinda choyang'ana poimika magalimoto

Kutsika pa Miritini kutentha kunatilandira ngati tavundukula mphika wowira. Si dzuwa lokha ayi, ndi chinyezi, thukuta siliuma, bulauzi inangomatirira kumsana. Siteshoni ili kutali ndi tawuni, a mataxi anatizungulira wina 3,000 wina 2,500, mng'ono wanga analimbana nawo ndi Chiswahili chake cha ku Nairobi chimene anthu akuno amachiseka, mpaka tinagwirizana 1,800. Pa Changamwe tinaima nthawi yaitali pakati pa mathiraki a makontena ochokera ku doko, utsi, mahutala, ine mutu waa. Mombasa weniweni ndi chilumba, umalowa pa Makupa n'kutulukanso pa mlatho wa Nyali, mahotela a mchenga ali tsidya lakumpotolo, Nyali, Bamburi, Shanzu kumapita.

Pa geti anayang'ana pansi pa galimoto ndi kagalasi, m'kati anatipatsa timathaulo tozizira ndi juwisi wa bwemba, ndipo ndikuuzeni zoona kathaulo kameneko ndinakakonda kuposa zonse zimene zachitika lero. Pa risepishoni pali kachikwangwani ka mamembala pambali, ndinakaima pamenepo mapewa ali m'mwamba, koma mtsikana wothandiza mizere yonse iwiri ndi mmodzi yemweyo ndiye ndinadikira ngati wina aliyense kkkk. Itafika nthawi yanga anati karibu sana, tikuthokoza kuti ndinu membala wathu wa golide, ine mtima myaa. Ndinafunsa za upgrade, mawu ake ndinali nditawakonza kuyambira ku Voi. Anatayipa, anatayipa, anaitana mnzake, analoza pa kompyuta onse awiri, kenako, "Pole sana dada," kutanthauza pepani kwambiri asisi, "Loweruka kuli ukwati, alendo ayamba kale kufika." Ndiye ndinakumbukira timawu tating'ono tija ta pa apu timene munthu sawerenga: adzakukwezani chipinda ngati chilipo. Ngati chilipo. Pulogalamu yonse yaima pa timawu tiwiri timeneti.

China chimene sanandiuze ndi chakuti chipinda chaulere chimafunabe ndalama polowa. Atsekera mashilingi 10,000 pa khadi langa la kubanki ngati chikole cha zimene tingadye kapena kuswa, ati zibwerera tikatuluka. Ndinamwetulira koma m'mimba munatentha chifukwa ndalama imeneyo inali mu bajeti ya zakudya.

Chipinda ndi chabwino, eyakoni ikugwira, bedi ziwiri zoyera, koma ukatsegula katani ukuona mabasi a alendo ndi kanyumba ka jenereta. Patebulo tapeza mbale ya zipatso, nthochi ziwiri, chinanazi, mapesheni, ndi kakalata kondilandira kolembedwa Mr kutsogolo kwa dzina langa. Mng'ono wanga wakajambula watumiza kale ku gulu la banja.

Koma nyanja. Tinatsikirako cha m'ma 5 madzi atadzaza mpaka kufika pafupi ndi khoma la hotela, mphepo ikuomba, mwanayu anangoima chilili osayankhula, kenako anawerama n'kunyambita chala. "Ndi mchere zoona." Ndinaseka koma misozi inalengeza, sindikudziwa chifukwa chake, mwina kutopa. Jenereta yayamba kulira panopa.

Lachinayi

Kadzutsa wa pano ndi nkhondo ya anthu ndi akhwangwala. Akhwangwala ake ndi ang'ono, khosi lotuwa, si akuno kwenikweni, anachokera ku India, anafika ku Zanzibar zaka zoposa 100 zapitazo kenako n'kufalikira kuno, ndipo achulukana moti mu 2024 boma la Kenya linalengeza kuti likufuna kupha okwana 1 miliyoni. Hotela inalemba mnyamata amene ntchito yake m'mawa onse ndi kuzungulira matebulo ndi legeni m'manja. Saponya kawirikawiri, amangokoka mpira, iwo amamudziwa nkhope, akalowera uku iwo amatera uko. Mng'ono wanga anadzuka kukatenga juwisi, pobwera soseji palibe, mbalame ili pa denga ikumuyang'ana. Mnyamata uja anabwera kudzapepesa ngati wabayo ndi m'bale wake.

Pa zonse za golide, kadzutsayu ndiye phindu logwirika. Membala ndi mlendo wake mmodzi amadya ulere, pamene pa menyu alemba 2,500 munthu mmodzi, ndiye anthu awiri masiku anayi ndi 20,000 imene sindikanaitulutsa. Tadya ngati sitidzadyanso, mahamri ndi nandolo wophika mu mkaka wa kokonati amene amamutcha mbaazi za nazi, mazira, mavwende, tiyi wa jinja. Mayi wokazinga mazira anandifunsa kamodzi kokha, awiri, opsa mbali zonse, tsabola pang'ono, anyezi ayi.

Tikutuluka tinapeza mkangano pa risepishoni. Bambo wina wa ku Nairobi ndi mkazi wake, khadi lake ndi lapamwamba kuposa langa, akuliwomba pa kauntala kuti bwanji amulipiritsa kadzutsa. Nkhani yake ndi yoti anabukitsa pa webusaiti ina ija yofananitsa mitengo chifukwa kunali kotchipa pang'ono, ndiye hotela ikuti mukadzera kumeneko palibe mapointi, palibe kadzutsa, palibe upgrade, ndinu mlendo wamba. Ndinamumvera chisoni koma lamulo limeneli lili pafupifupi kumakampani onse akuluakulu a mahotela, ndipo chifukwa chake n'chosabisika, mawebusaiti aja amadya komishoni pa chipinda chilichonse, ndiye makhadiwa ndi nyambo yoti uzibukitsa kwa eni ake. Nzeruyi anayamba ndi a ndege ku America, American Airlines mu 1981, a mahotela monga Holiday Inn ndi Marriott n'kutengera mu 1983. Zaka zonsezi anthu tikukodwabe, ine ndemwe ndili pano. Mtsikana wa dzulo uja anangoti pole, pole, pole mpaka bamboyo anatopa yekha. Mkazi wake anali atapita kalekale kukakhala ku pool.

11 koloko foni ya m'chipinda inalira. Wina wasintha ulendo, chipinda choyang'ana kunyanja chapezeka, nsanjika yachitatu, mubwere mudzatenge kiyi. Ndinavina. Ndinamuuza mwana uja kuti waona, golide ameneyo, uzilemekeza akulu. Tinakwera, mnyamata wonyamula zikwama anatsegula chitseko, ine ndinathamangira katani n'kukoka mwamphamvu kuti aone.

Nyanja kulibe.

Ndikunena zoona, kulibe. Mchenga wonyowa, ndere, timadziwe, maboti atagona chammbali ngati ng'ombe zodwala, madzi ali kutali uko kumene kukuoneka kamzere koyera. Mng'ono wanga anagwa pa bedi ndi phwete, "Asisi, akupatsani upgrade nyanja atachotsa!" Mnyamata uja anatifotokozera akudziletsa kuseka, kuti madzi amapita n'kubwera kawiri patsiku, mwezi ndi umene umawakoka, ndipo ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa amathawa kwambiri. Kamzere koyerako ndi pamene mafunde amasweka pa miyala ya makorali imene yatchinga gombe lonseli. Pafupi ndi pool pali bolodi limene amalembapo maola ake tsiku lililonse, ife tinalidutsa dzulo osaliona.

Ndiye tinaganiza zoitsatira. Mchenga si wa hotela, ndi wa aliyense, ukangodutsa kachingwe ka malire anyamata ogulitsa amakufikira onse nthawi imodzi, uyu zikoyi, uyu boti, uyu ngamila, uyu akufuna akusemere dzina pa kamtengo. Mmodzi anati atiperekeze mpaka ku miyala kuja pa 2,000, tinatsika mpaka 600 kuphatikiza nsapato za labala, ndipo nsapatozo musazikane chifukwa m'timadziwemo mwadzaza tinthu takuda tozungulira taminga itali ngati singano. Anatisonyeza tina tofiira tonga nyenyezi, anatisonyeza bambo akutokosa m'mabowo ndi kachitsulo kufuna pweza, chinyama cha miyendo 8 chija. Tinayenda mwina mphindi 40. Ndili kumeneko ndinacheuka, hotela yachepa ngati bokosi la machesi, madzi amene anali m'akakolo afika m'mawondo, ndipo ine kusambira sindidziwa, ndaulula. Miyendo inayamba kunjenjemera. Mnyamatayo anaona, anandigwira dzanja njira yonse yobwerera akungoti pole pole mama, nthawi ilipo. Dzulo ndinali dada lero ndasanduka mama, mantha amakalambitsa. Ndinamupatsa 1,000 osafunsa chenji.

Pano ndi 5 koloko, ndili pakhonde la chipinda chatsopano, nyanja yabwerera yonse ngati sinalakwe kanthu. Mapewa akuwotcha.

Lachisanu, tawuni

Dzulo usiku tinadya mu hotela ndipo ndinachita chinthu chopusa chimene ndikufuna ndichilembe ndisanachikonze m'mutu. Ndinaitanitsa nsomba yodula ndi zotsekemera pamwamba ndikudziuza kuti palibe vuto, ndalama iliyonse imene ndalemba ku chipinda ikubala mapointi. Bilu inabwera 7,400. M'kati mwa mitengo ya mahotela kuno muli VAT ya 16 peresenti, msonkho wa zokopa alendo wa 2 peresenti, ndi service charge, ndipo mapointi sawerengera misonkho. Nditabwerera m'chipinda ndinatenga kakyuleta, mapointi a chakudya chimenecho sangagule ngakhale pilo. Munthu kuwononga 7,400 kuti upatsidwe mphatso ya 300. Ndinagona ndikudzitukwana.

Ndiye lero tinathawa. Matatu, minibasi ya kuno, kuchokera pa msewu waukulu mpaka m'tawuni 70 munthu mmodzi, nyimbo mpaka mano kunjenjemera, kondakitala akulendewera pakhomo. Fort Jesus, linga lakale la Apwitikizi, tinangoidutsa panja, aliyense ali nacho kale chithunzi chake ndipo mtengo wa alendo akunja ndi wina, wa eni dziko wina. Tinalowa ku Marikiti, msika wa zokometsera zakudya, fungo lake limakugwira pakhosi usanalowe, tsabola, sinamoni, jinja, milu ya ufa wachikasu ndi wofiira. Wogulitsa wina anatinunkhizitsa chilichonse mpaka ndinayetsemula kasanu, ndinagula zambiri zimene sindikudziwa kuti ndidzaphikira chiyani. Masana biriani ya mbuzi m'kalesitilanti kopanda dzina looneka, 450, mbale yodzaza moti sitinamalize, fani ikuzungulira pamwamba ngati ikufuna kugwa. Chiswahili chimandisangalatsa, ukatchera khutu umatola mbuzi, nyama, moto, nyumba, mvua, kuku, umayamba kudziona ngati ukumva, kenako amathamangitsa lilime n'kukusiya panjira.

Mng'ono wanga anaumirira kuti tikwere feri ya Likoni, tingowoloka n'kubwerera, poti oyenda pansi salipira. Sindinkafuna. Mpata wake ndi waufupi, mwina theka la kilomita, koma ndi wakuya, ndi njira imene sitima zikuluzikulu zimalowera ku doko la Kilindini, ndipo ndinali nditamva za feri ya Mtongwe imene inamira chapafupi pomwepa mu 1994 n'kupha anthu oposa 270. Geti litatsegulidwa khamu linatinyamula, sukuyenda ndiwe, akuyendetsa ndi anthu, njinga, mabasiketi a nsomba, ana a sukulu, ngolo zokankha. Ndinagwira chikwama pamimba ndi manja awiri. Agogo ena aamuna ovala kanzu yoyera anaona nkhope yanga, anasuntha n'kundipatsa malo pa chitsulo chogwirira, ndipo sanalankhule kanthu ulendo wonse, anangoima pakati pa ine ndi khamulo. Titafika anangokweza dzanja n'kusowa m'gulu. Mphindi mwina 10 zokha koma ndinatsika bulauzi itanyowa.

Madzulo tinakhala pa Mama Ngina, paki ya m'mbali mwa nyanja, pansi pa milambe, tikudya kachiri, chinangwa chodula mopyapyala chokazinga pompo, amathira tsabola ndi ndimu, 100 kapepala, ndi madafu, kokonati wamuwisi amene amakusemera ndi chikwanje umwe madzi ake kenako akupangira kasupuni ka chikhokho chake ukokotere zam'kati. Sitima ya makontena inadutsa pafupi moti ndinaona munthu akuyanika malaya pamwamba pake. Tsiku lonse anthu awiri sitinafike 3,000.

Pobwera ku hotela mlonda wa pa geti anatifunsa ngati taiona feri. Ndinati tayikwera. Anati iye amaikwera kawiri tsiku lililonse.

Loweruka, sindinatuluke

M'mimba. Sindikudziwa ngati ndi biriani kapena kachiri kapena madzi oundana a mu juwisi wa nzimbe amene ndinamwa pa Marikiti mng'ono wanga akundiletsa, koma kuyambira 3 koloko usiku ine ndi bafa takhala pa ubwenzi. Kadzutsa waulere wa lero wapita osadyedwa, ndipo ndikuvomereza kuti zinandiwawa kuposa m'mimbamo. Mwana uja anapita yekha, anabwera ndi uthenga woti mayi wa mazira wafunsa kuti dada wa anyezi ayi ali kuti.

Cha m'ma 11 kunagogodedwa ngakhale ndinapachika kachikwangwani koti musandisokoneze. Anali mayi wokonza m'chipinda, wachikulire ndithu, anati waona chikwangwani kuyambira m'mawa ndipo mng'ono wanga wamuuza. Anapita, anabwera ndi tiyi wa jinja wopanda mkaka, buledi wowotcha wouma ndi nthochi, n'kuima pomwepo mpaka nditamwa theka. Tinacheza pang'ono, Chingerezi chake ndi Chiswahili changa cha mawu 10. Amakhala ku Likoni, amadzuka 4 koloko, feri, matatu awiri, kuti 7 ikamakwana akhale atavala yunifolomu. Zipinda 14 patsiku. Ine dzulo ndinkafuna kufa ndi feri yomweyo kamodzi kokha. Ndinamufunsa ngati pa pepala lake pamaoneka kuti chipinda chino ndi cha golide, anati eya pamakhala kachilembo, kamatanthauza mabotolo awiri amadzi owonjezera ndi zipatso tsiku loyamba. Tiyi uja sanali wa kachilembo. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti imelo ya mafunso ikadzabwera ndidzatchule dzina lake, chifukwa mabwana amawerenga ndipo zimathandiza nthawi yokonzanso makontirakiti. Ndalilemba pa foni kuti ndisaiwale.

Madzulo nditapezako mphamvu ndinatsika kukakhala pamthunzi, ndipo ndinakumana ndi munthu amene ndakhala ndikumuona kuyambira Lachinayi. Gogo wachizungu wa ku Germany, wowonda, khungu ngati chikopa cha ng'oma, mpando wake ndi umodzimodzi pansi pa mtengo wa kokonati womwewo ndipo thaulo amamuyalira asanadzuke. Mawaitala onse amamutcha Bibi, khofi amabwera asanaitanitse, iye amawafunsa za ana awo mayina ndi makalasi omwe. Anandiuza kuti chino ndi chaka cha 19 akubwera, amathawa chisanu cha kwawo milungu 6, mwamuna wake anamwalira koma iye sanasiye. Ndinamufunsa kuti ndiye khadi lake ndi la mtundu wanji, ndikuganiza kuti mwina pali la dayamondi la anthu otere. Alibe. Apu sadziwa n'komwe, amangolemba kalata kwa manijala mwezi wa August basi. Ndinamuonetsa langa pa foni, anavala magalasi, anafunsa kuti limakupatsa chiyani, ndinayamba kutchula, kadzutsa, madzi awiri, kutuluka mochedwa, ndikumva ndekha mawu anga akuchepa. Anati, "Ooh, zabwino," ngati mmene umayamikira mwana akakuonetsa chojambula.

Mng'ono wanga anandinong'oneza kuti golide weniweni ndi ameneyo. Mwina. Koma tisanamizane, milungu 6 kuchulukitsa ndi zaka 19 ndi ndalama imene hotela iliyonse ingakuyalire thaulo, chikondi chilipo inde ndachiona ndi maso, koma akaunti nayonso ikudziwa dzina la Bibi. Chimene chinandikhudza ine n'chakuti iye amawadziwa anthuwa, pamene ine zaka zinayi m'mahotela a kampani yomweyi sindingatchule dzina la munthu mmodzi amene anandiyalira bedi.

Ukwati uja wachitika pa kapinga kutsogolo kwa khonde lathu. Mkwatibwi wafika pa ngamila, akuoneka kuti akunong'oneza bondo. Nyimbo mpaka 1 koloko, bedi kunjenjemera. Chipinda cha jenereta chija chinali kumbuyo, kwachete. Ndipo usiku uno ndi umene ndikulipira ndi ndalama zanga.

Lamulungu, m'sitima ya 3 koloko

Apa ndiye ndinalakwitsa masamu, ndipo amene muli ndi mapointi mumve. Ndinawaika pa Lachitatu, Lachinayi ndi Lachisanu chifukwa ndi mmene masiku anayendera pa apu, Loweruka n'kulipira kashi, osaganiza kuti Loweruka ndiye tsiku lodula kwambiri pa hotela ya kunyanja. Ndikanalipira Lachitatu mapointi n'kuphimba wikendi ndikanasunga mwina 5,000. Mtsikana wa pa risepishoni ndi amene wandiuza, mochedwa, akumwetulira. Wanenanso kuti makampani ena ukalipira masiku anayi ndi mapointi lachisanu lake amakupatsa ulere, ndiye nthawi zina kudikira kuti achuluke kumaposa kuwamwaza.

Bilu ndinaiwerenga mzere ndi mzere anthu akudikira kumbuyo, manyazi ndinawasiya m'chipinda. Ndinapeza madzi awiri, 350 botolo limodzi. Ndinati madzi a mamembala ndi aulere, anati aulere ndi a patebulo, a mufiriji ndi ogulitsa, botolo lofanana, kampani yofanana, kusiyana kuzizira basi. Amene anamwa akudziwika, anali atayang'ana kudenga. Mtsikana uja anawachotsa osakangana, ati poti ndinu a golide. Tiyi wa jinja sanalembedwe paliponse.

Za kutuluka mochedwa ndiye nthabwala. Ndinazipempha kuyambira Lachisanu, ndinakumbutsa dzulo ndili wodwala, lero m'mawa anandiuza monyadira kuti zatheka, mukhoza kukhala mpaka 2 koloko m'malo mwa 11. Ndinathokoza kwambiri. Kenako mng'ono wanga anafunsa kuti sitima ndi ya nthawi yanji. Ya 3. Ku Miritini uyenera kufika 2, msewu wake ndi wa mathiraki uja, ndiye taxi inabwera 12:30. Ndinakhala pa bedi nditavala nsapato, chikwama chili pamiyendo, mpaka 12:29, kuti ndidyeko ola limodzi ndi theka la ufulu wanga.

Kadzutsa ndinadya, pang'ono. Mayi wa mazira atandiona anangoswa awiri osafunsa, anyezi sanayandikire. Mnyamata wa legeni anatiperekeza mpaka pa masitepe. Bibi anali pampando wake, anakweza kapu. Mayi wa tiyi sindinamuone, Lamulungu ndi tsiku lake lopuma, ndasiya envelopu kwa mnzake ndipo ndikungokhulupirira kuti ifika.

Tadutsa Voi, kunja kwayamba kuda, mchenga uli m'nsapato, m'chikwama, mpaka m'chaja. Apu yanditumizira uthenga woti ndigone masiku 6 ena chaka chisanathe kuti golide asatsike kukhala siliva, ndipo ndadzipeza ndikuwerenga misonkhano imene yatsala, iwiri ya masiku awiri, kupereweranso awiri, mwina nditati ndipite ndekha kwinakwake wikendi imodzi, ndiye ndazimitsa foni n'kuiika pansi pa ntchafu. 10,000 yanga ya chikole sinabwerebe, ati masiku 7 mpaka 14 a ntchito. Mng'ono wanga wagona kukamwa kuli yasa, mphuno yasupuka ndi dzuwa, foni ili m'manja yosatseka. Ndasuzumira. Ndi apu ya hotela ija, walembetsa, dzina lake lili pamwamba, mapointi 0.